Kumasula fulayi: momwe mungazindikirire zipangizo zomwe anamangira

Fulayi yoyamba kuigwira m'manja mwanga inali ya chiwala. Anandibweretsera alamu anga amene amagwira ntchito pa malo ena ogona alendo cha ku Mfuwe, akuti mlendo anaiiwala itakola pa chipewa chakale. Nditaiika patebulo, mwana wanga wamkazi anathamangira tsache kuti aiphe. Miyendo inali yopinda mawondo, maso akuda bii, mapiko atagona pamsana, mbedza itabisala kumimba. Madzulo amenewo nsima inazizira ndikadaitembenuzatembenuza pansi pa getsi, ndikudzifunsa kuti mwendo uwu ndi chiyani, nanga phiko ili analitenga kuti.

Kwa inu amene mukumva koyamba, fulayi ndi nyambo yochita kumanga. Munthu amatenga mbedza, ulusi, nthenga, ubweya ndi zina zing'onozing'ono, n'kumanga chinthu chofanana ndi kachilombo kapena kansomba. Vuto lathu kuno kum'mawa kwa Zambia n'lakuti mayina a nthenga omwe mumawamva pa YouTube, monga hackle, marabou ndi CDC, ine sindinawapezepo pa shelefu ku Down Shops kapena mu Kapata Market ku Chipata. Koma ndaphunzira kuti dzina la chipangizo n'lachiwiri. Choyamba n'kudziwa ntchito yake pa mbedzapo: chikuyandamitsa, chikumiza, chikuvina m'madzi, kapena chikungokongoletsa? Mukadziwa zimenezo, mbale wake mumupeza m'khola la nkhuku, pa salaula kapena mu saluni.

Konzani lezala yatsopano, singano, tambula yagalasi yodzaza madzi, kandulo, pepala loyera, maginito ya mu sipika yakufa, ndi foni yomwe kamera yake imakulitsa zinthu. Basi.

Choyamba, dziwani chomwe fulayiyo ikutsanzira

Musanakhudze lezala, funsani kuti womangayo ankaganiza kachilombo kanji. Za kumtunda timazidziwa tonse: chiwala, nkhululu, nyerere, inswa, nyenje. Za m'madzi ndiye zimafuna kuti mupite kumtsinje. Vundukulani mwala m'mbali mwa Lutembwe, muone zomwe zakakamira kunsi kwake. Kachilombo kojintcha, ka maso aakulu, kopanda mchira weniweni, ndi mwana wa tombolombo. Kowonda, kokhala ndi timasamba titatu kumchira, ndi mwana wa tombolombo wamng'ono uja amene akatera amapinda mapiko pamsana. Ka timichira titatu tonga tsitsi, ndi timapiko topumira m'mbali mwa mimba, ndi mwana wa kachilombo kouluka kotchedwa mayfly. Kena kamadzimangira kanyumba ka mchenga ndi tizitsotso, n'kumayenda nako: ameneyo ndi mwana wa caddis, kachilombo kouluka konga kagulugufe. Tolani ziwiri zitatu mu botolo, muziike pambali pa fulayi yanu. Musachedwe m'madzi oima chifukwa cha likodzo, ndipo ku Luangwa musayerekeze kuponda m'madzi, kuli eni ake.

Chachiwiri, jambulani ndipo yezani mbedza

Jambulani pamwamba, m'mbali ndi kumimba, rula ili pambali. Mukamasula simudzakumbukira kuti phiko linkafika pati.

Manambala a mbedza amayenda chammbuyo: 16 ndi yaing'ono kuposa 8, ndipo 8 ndi yaing'ono kuposa 2. Mukadutsa 1 amatembenuka, 1/0, 2/0, 3/0, ndipo apa nambala ikamakwera mbedza ikukula. Fulayi yomangidwa pa 2/0 ya waya wonenepa inapangidwira nsomba ya mano ngati mcheni, amene alendo amamutcha tiger. Ya pa 10 kapena 12 ndi ya bream za m'madamu. Onaninso kunenepa kwa waya wake. Wowonda ndi wa fulayi yoyandama, wonenepa ndi wa yomira.

Chachitatu, iponyeni m'madzi musanaidule

Ambiri amadumpha sitepe iyi, pamene ndiyo imaulula zambiri. Ikani fulayi mu tambula, mugwade, muiyang'ane kuchokera kunsi monga imaionera nsomba. Kodi yaima pamwamba pa madzi ndi nsonga za nthenga, kapena yagona mimba ili m'madzi? Ikumira mutu uli patsogolo? Ndiye kuti kumutuko kuli chitsulo. Ikamira mbedza itayang'ana kumwamba, cholemeracho anachimanga pamsana pa mbedza mwadala, kuti isamakole miyala. Umu ndi momwe imakhalira Clouser Minnow, yomwe Bob Clouser anaimanga mu 1987 ku America, ndipo lero owedza mcheni amaikonda kwambiri.

Igwedezeni ndi singano. Chomwe chikufufuma ndi kunyala ngati chikupuma, chilembeni. Chomwe chauma gwa, chilembeninso. Onaninso mtundu: ubweya wa nyama ukanyowa umada, pamene wa pulasitiki susintha kwenikweni.

Chachinayi, masulani kuyambira kumutu

Womanga amayamba kumchira n'kumalizira kumutu, pafupi ndi diso la mbedza. Inu yendani chobwerera. Palani guluu wa pamutu ndi lezala, pezani nsonga ya ulusi ndi singano, muzimasula pang'onopang'ono. Chilichonse chomwe chachoka chiikeni pa pepala loyera motsatana, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Mukamaliza, werengani kuchokera kumanzere, ndipo muli ndi ndondomeko yonse yomwe mwini wake anatsata.

Ulusi musautaye. Wa mafulayi ndi wowonda kuposa wa atelala, ndipo ambiri mukaupotokola umaphwatalala ngati kariboni. Pa zopota zake amalemba 6/0 kapena 8/0, ndipo 8/0 ndiye wowonda. Ena amalemba denier, muyeso wa kunenepa kwa ulusi: 70 wa zing'onozing'ono, 140 mpaka 210 wa zazikulu. Mukapeza woterera, wosaduka ngakhale muukoke mpaka kucheka chala, ndi ulusi wa pulasitiki wolimba kwambiri wotchedwa GSP. Ulusi wa polyester wosokera umagwira ntchito pa mbedza zazikulu, koma pa 12 umatupitsa mutu.

Chachisanu, nthenga

Apa ndiye pali nkhani, tikhale pansi.

Tengani nthenga yomwe inazengerezedwa kukhosi kwa fulayi, muipinde ngati uta. Tsitsi lake likaimirira njoo, lililonse palokha, lonyezimira, ndipo likakubayani pang'ono mukaligunditsa pamlomo, imeneyo ndi hackle ya tambala, ya m'khosi kapena ya pamsana pafupi ndi mchira. Ntchito yake n'kuimika fulayi pamwamba pa madzi. Tsitsi likakhala lofewa, logwirana, nsonga ya nthenga ili yobulungira, ndi ya thadzi. Imamwa madzi n'kumagwedezeka ngati miyendo ya kachilombo komira. Nthenga yaitali kwambiri, yowonda mofanana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, imachokera ku atambala owetedwera ntchito imeneyi, monga a ku Whiting Farms ku Colorado. Tambala wa kumudzi safika pamenepo, koma wokalamba, wa zipsolopsolo zazitali kumiyendo, amakhala ndi nthenga zolimba ndithu m'mbali mwa khosi cha kumapewa. Tsitsi la hackle liyenera kutalika kamodzi ndi theka poyerekeza ndi mpata wa pakati pa nsonga ya mbedza ndi thunthu lake.

Tsiku lina pamsika ndinaima nthawi yaitali ndikupinda nthenga za m'khosi mwa tambala wofiira. Amayi ogulitsawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, anzanu amakweza nkhuku kuti amve kulemera, inu mukuwerenga nthenga?" Ndinawaonetsa fulayi ya chiwala ija. Anaitenga ndi nsonga za zala, kuiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Bwerani Loweruka, ndikusungirani za nkhanga."

Ndipo za nkhanga sizisowa kuzizindikira: madontho oyera pa nthenga yotuwa. Zikazengerezedwa zimatulutsa miyendo ya mawangamawanga yomwe imafanana kwambiri ndi ya tizilombo ta pansi pa miyala. Amene amamanga mafulayi kunja amazigula m'timapaketi, ife zimauluka pabwalo.

Nthenga yonga utsi, yopanda msana wolimba, yomwe ikanyowa imasanduka kamchira kowonda koma m'madzi n'kufufumanso, ndi marabou. Kale inkachokera ku chimbalame cha mutu wadazi chija chimayendayenda m'matamanda a ku Luangwa, koma masiku ano ndi ya nkhukundembo yonyikidwa mu utoto. Nkhuku yathu ili nayo yaifupi, pakati pa miyendo ndi kunsi kwa mchira. Ndiyo imapanga mchira wa Woolly Bugger, fulayi yomwe nsomba imatha kuiyesa mbululu, msundu kapena mwana wa tombolombo.

CDC imasokoneza anthu chifukwa imaoneka ngati marabou yaing'ono yotuwa. Kusiyana kwake mukuona mu tambula: marabou imamira, CDC imakana madzi, ndipo mukaikankhira pansi imatenga kathovu konyezimira ngati siliva. Ikulitseni ndi kamera, muona kuti tsitsi lililonse lili ndi tinthambi topiringizika togwira mpweya. Imamera pamsana pa bakha, pamwamba pa mchira, mozungulira kachotupa kotulutsa mafuta komwe bakha amapakako mlomo akamadzikonza. Bakha mmodzi amapereka zochepa, ndiye wina akamapha bakha, fikani madzi otentha asanathiridwe.

Thupi la fulayi likamanyezimira mobiriwira mosakanikirana ndi mtundu wa mkuwa, ndi tsitsi la mchira wa pikoko. Likakhala lofiirira, la tiubweya tating'onoting'ono, lomangidwa ndi waya wa kopa, ndi mchira wa pheasant, mbalame yakunja yonga nkhuku. Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku England, anamanga fulayi yake yotchuka m'zaka za m'ma 1950 ndi zinthu ziwiri zokhazi, popanda ndi ulusi womwe. Kuno mchira wa nkhukundembo umalowa m'malo mwake bwinobwino. Timinga tiwiri tolimba, tosongoka, kumchira kapena kumutu ngati nyanga, ndi biot: tsitsi lalifupi la mbali yakutsogolo ya nthenga yaikulu ya phiko la tsekwe kapena nkhukundembo. Thupi lowonda la mizeremizere yoyera ndi yakuda nthawi zambiri ndi msana wa nthenga wochotsedwa tsitsi. Mukafuna kutsanzira, uviikeni m'madzi kaye, apo ayi ung'aluka pozengereza.

Chachisanu ndi chimodzi, ubweya ndi moto

Yang'anani nsonga. Tsitsi la nyama limanka liwonda mpaka kusongoka. La fakitale n'lofanana thupi lonse ndipo nsonga yake ndi yodulidwa.

Mukakayika, kandulo ndiye mboni. Gwirani tsitsi ziwiri zitatu ndi kapani, muziyandikize kumoto. Likapsa n'kununkha ngati mbuzi yowaula, n'kusiya kaphulusa kofumbutuka pakati pa zala, ndi la nyama, kapena ndi wulu weniweni kapena silika. Likathawa moto n'kusungunuka kukhala kampira kolimba, ndi nayiloni kapena polyester. Likayaka msanga n'kununkha ngati pepala, ndi thonje kapena rayon. Chitani izi panja, utsi wa pulasitiki si wabwino, ndipo kampirako kamaotcha.

Mutu wa chiwala changa chija unali wa tsitsi lometedwa ngati burashi, lopepuka ngati chitsononkho. Limeneli ndi deer hair, tsitsi la pathupi pa agwape a ku America ndi ku Ulaya. M'kati mwake ndi mwa timaenje ta mpweya. Lidineni ndi chikhadabo, lipindika n'kukhala chopindikacho. Limangeni ndi ulusi n'kukoka, liyanzuka ngati ambulera. Tsitsi la mbuzi silichita zimenezi ngakhale mukoke bwanji, chifukwa m'kati mwake ndi molimba. Ndinataya masabata ndikulimbana nalo ndisanamvetse. Komabe mbuzi musainyoze: tsitsi lalitali la ndevu ndi la m'ntchafu mwa tonde limalowa m'malo mwa bucktail, lomwe ndi tsitsi la kumchira kwa gwape, pomanga tinsomba tonga matemba. Nyama ya kuno yomwe ili ndi tsitsi la mphako ndi chinkhoma cha m'mapiri, koma chimenecho n'cha Boma, tibwererako.

Thupi la manyunyu, looneka ngati kachilombo kosapesa, ndi dubbing: ubweya wopotedwa pa ulusi. Mukaona wofewa wotuwa wosakanikirana ndi timinga ta nsonga zakuda, ndi wa kumaso ndi kumakutu kwa kalulu. Kalulu woweta amakwanira. Wonyezimira ngati magalasi ophwanyika ndi wa fakitale, ndipo juzi ya pa salaula yopalidwa ndi burashi ya waya imapereka wofanana nawo. Tsitsi lalitali lowala la mafulayi a mcheni, lomwe silimwa madzi, mbale wake ali mu saluni: zotsala za wigi ndi zolukira.

Chachisanu ndi chiwiri, zitsulo

Mkanda wa kumutu ungakhale wa galasi, wa brass kapena wa tungsten. Wa galasi umaonekera kuwala. Awiri enawo amasiyana kulemera: kabokosi ka sentimita 1 mbali zonse ka brass kamalemera magalamu pafupifupi 8 ndi theka, ka mtovu 11, ka tungsten 19. Ponyani mikanda iwiri yofanana kukula mu botolo lalitali la madzi, wa tungsten ufika pansi mnzake ali m'njira. Brass mukaipala ndi lezala imaonetsa chikasu, ndipo maginito siikoka. Mkanda wokutidwa golide ukadumphira ku maginito mwamphamvu, ndi chitsulo wamba ndipo uchita dzimbiri.

Pansi pa thupi mungapeze waya wotuwa, wofewa, woduka ndi chikhadabo. Ukhwekhwerezeni pa pepala. Ukalemba ngati pensulo, ndi mtovu. Musaulume ndi mano monga timachitira ndi chingwe, ndipo sambani m'manja musanadye. Waya wofiira wozungulira thupi ndi kopa, ndipo m'dziko la kopa lino sitingausowe: mota ya fani yakufa kapena thiransifoma ya wailesi yakale ili ndi wokwanira zaka. Maso awiri a timipira tolumikizana ndi tcheni cha pulagi ya m'sinki.

Chachisanu ndi chitatu, zomwe zimapusitsa maso a munthu

Mafulayi ofanana kwambiri ndi chamoyo amadalira pulasitiki. Dinani thupi ndi singano. Likabwerera ngati patapata, ndi fomu. Koma fomu ili pawiri: ifinyeni pansi pa madzi, ikatulutsa thovu n'kumwa madzi ndi ya matiresi, ndipo imiza fulayi yanu. Yosamwa madzi ndiyo ya patapata. Thupi la mphindimphindi lotamuka ngati chubu cha njinga ndi latex, ndipo gulovu ya labala yodulidwa timizere imachita chimodzimodzi. Maso akuda pa kamtengo koonekera ndi chingwe cha nayiloni chowedzera chomwe anaotcha nsonga zonse ziwiri. Phiko lokhala ndi mitsempha yojambulidwa ndi kapepala ka pulasitiki. Lokhala ngati neti yosalala ndi organza, nsalu ija ya pa madiresi aukwati. Chigoba chowala cholimba ngati galasi ndi guluu yotchedwa UV resin, yomwe imauma ndi tochi yake kapena padzuwa, koma chikakhala chachikasu ndi ukalamba ndi guluu ya epoxy. Ufa woyera m'mbali mwa mfundo ndi chizindikiro cha super glue. Pamutu, polishi ya zikhadabo yosakhala ndi mtundu imakwanira.

Miyendo ya chiwala chija inali ya nayiloni wonenepa, wopindidwa ndi singano yotentha n'kupakidwa utoto. Yokongola zedi. Koma mu tambula inangoti gwa ngati ya chiwala chofa dzana. Apa ndimasiyana ndi anzanga ena okonda fulayi yoti ukaiona uzizwe. Chiwala chenicheni chikagwera m'madzi chimapalasa, ndipo bream imabwera chifukwa cha kupalasako. Ine ndimasankha miyendo ya labala yowonda, monga timizere ta m'kati mwa chingwe chotamuka chomangira katundu pa njinga, kapena tsitsi la mchira wa nkhukundembo lomangidwa mfundo pakati kuti likhale bondo. Patebulo siioneka bwino ngati ya nayiloni, koma m'madzi imakhala ndi moyo.

Za lamulo ndi kasungidwe

Nthenga ina mukaizindikira muisiye pomwepo. Kanthenga kolimba, konyezimira ngati kopakidwa vanishi, ka diso lachikasu pa mtundu wakuda, ndi ka jungle cock, tambala wa m'tchire wa ku India, ndipo malonda ake amalamulidwa ndi pangano la mayiko loteteza zamoyo zosowa, la CITES. Chilakolako cha nthenga zosowa chinafika poipa mu 2009, pomwe mnyamata wina womanga mafulayi anaba zikopa za mbalame 299 mu nyumba yosungira zakale ku Tring, ku England. Kuno, lamulo la nyama zakutchire la 2015 sililola kusunga chikopa kapena chiwalo cha nyama yotetezedwa popanda chikalata cha a National Parks and Wildlife. Nkhuku, nkhanga yoweta, bakha, mbuzi ndi kalulu woweta zimakwanira ntchito yonse ndafotokozayi.

Musatole nthenga za nkhuku yofa ndi chitopa. Zabwinozo zichapeni ndi sopo wa mbale m'madzi ofunda, muziyanike pamthunzi, muzitsekere mu pulasitiki n'kuziika mu firiji ya ayezi kwa sabata yathunthu. Zatsopano musazisakanize ndi zakale musanatero. Njenjete zinandidyera khosi lonse la tambala wofiira uja chifukwa cha kathumba kamodzi ka nthenga za nkhanga komwe ndinaponya m'bokosi osachapa.

Tsopano mangani yanu

Yambani ndi inswa, chifukwa chitsanzo chake chimabwera chokha pa getsi mvula yoyamba ikagwa. Igwireni imodzi muiyang'ane: thupi lofiirira lonenepa, mapiko anayi ofanana, otalika pafupifupi kawiri kuposa thupi, oonekera. Pa mbedza ya 10, mangani kachidutswa ka patapata yofiirira ngati thupi, mukudina ndi ulusi kuti pakhale mphindi. Mapiko dulani organza kapena ikani nthenga ziwiri za CDC. Kukhosi zengerezani hackle ya tambala kawiri kokha, mudule tsitsi la kumimba kuti fulayi igone pamadzi monga imagonera inswa yogwa. Ikani ziwirizo mu tambula imodzi, yeniyeni ndi yanu, mugwadenso n'kuyang'ana kuchokera kunsi. Yanu ikapendekeka, phiko lina latalika. Ikaima pamwamba kwambiri, chepetsani fomu.

Kumbukirani kuti chiletso cha usodzi m'madzi ambiri a dziko lino chimayamba pa 1 December mpaka kutha kwa February, ndiye masiku oyesera inswa yanu ndi a mu November, madzulo mvula itangokata. Iponyeni pafupi ndi bango, muisiye mpaka timafunde tithe, kenaka gwedezani nsonga ya ndodo kamodzi kokha.